Nthochi za M'dimba la Chikole

Dimba limene ndikunena pano linali la amayi anga, ndipo iwonso analilandira kwa amayi awo. Linali kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi Sinda, pamene dambo limakhota. Madzi ake sankaphwa ngakhale m'mwezi wa Okutobala, ng'ombe zikuyenda nthiti zili pamtunda. Ukangokumba kufika m'bondo, madzi ankabwera okha. Amayi atamwalira dimbalo linagwera ine, poti mwana wamkazi ndinalipo ndekha.

Amuna anga anali mkamwini, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Galu akaba dzira ankamulangiza ndi mawu ngati mwana wa sukulu. Koma pa khasu analibe mnzawo. Anatchinga dimba lonse ndi minga, nakumba ngalande, ndipo tinkadzalamo mpiru, matimati, anyezi ndi chimanga chachiwisi chimene ndinkakagulitsa kwa anthu a malole ku msewu waukulu. Mchere, sopo, nsalu za ana, ngakhale msonkho wa amuna angawo, zonse zinkachokera m'menemo. Ine ndiye ndinabadwa ndi pakamwa. Anthu ankati mkwiyo umene unayenera kugawidwa kwa anthu awiri a m'nyumba mwathu unagwera ine ndekha, ndipo sindikana.

Ndinali ndi achimwene anga, aakulu kwa ine, amene anapita kukasaka ntchito kutali ku Walale ndisanakwatiwe n'kuchona komweko. Tinawadikira, tinawalira, mpaka tinawaiwala. Ndiye chaka china, boma la Chitaganya litangoyamba kumene, tinangoona munthu akulowa m'mudzi atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, sutukesi ili paphewa. Tinalulutira, tinawaphera nkhuku. M'sutukesimo munali kalilole, chipeso ndi nsapato zonyezimira, basi. Zaka zonsezo msonkho sanadulepo, ndipo dzina lawo linali chikhalire m'buku la boma, ngongole ikukulira pamwamba pa inzake.

Chilimwe chomwecho a msonkho anafika n'kumanga msasa pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Anabwera ndi amesenjala a zipewa zofiira komanso akapaso, asilikali aja a ku khoti la kwathu. Achimwene atamva kuti dzina lawo laitanidwa, anathawira m'nkhokwe mwanga n'kudzikwirira ndi chimanga. Chimene chinawagulitsa ndi nsapato zija. Anazivula n'kuziika bwinobwino pansi pa nkhokwe kuopa kuti zingakalike.

Kapaso wina anakwera, napisa mkono, nawakoka mwendo. Anagwa chagada, mutu n'kumenyetsa pa mwala wochirikiza nkhokwe. Asanadzuke n'komwe, chikoti cha chikopa cha mvuu chinayamba kulira pamsana pawo. Jekete linang'ambika, malaya anang'ambika, kenaka khungu. Munthu wamkulu wa ndevu zake ankakuwa kuitana amayi, chonsecho iye sanabwere kudzawaika m'manda. Ine ndinali pa mtondo. Munthuyu anali atandikwana kale ndi ulesi wake, koma chibale ndi fupa, sichiwola. Ndinathamanga n'kulumphira kapaso wa chikotiyo, ndipo ndinamuluma padzanja mpaka ndinamva mchere wa magazi ake m'kamwa. Mnzake anandimenya ndi ndodo pakamwa. Dzino limodzi ndinalilavula pomwepo, milomo n'kutupa ngati ndalumidwa ndi mavu.

Achimwene anawamanga chingwe m'chiuno n'kukawakhazika pa mtengo paja pamodzi ndi amuna ena osakhoma. Anatiuza kuti a msonkho akamadzanyamuka ndalama isanaoneke, munthuyo apita kundende. Ndipo sinali ya zaka zochona zokha ayi. Anawonjezerapo chindapusa cha kubisala, ndi china cha mano anga. Zonse pamodzi zinali zoti ukanagula ng'ombe yaikazi ndi mwana wake. Mumtima ndinkati apite akaone, koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bwenzi anthu akunena mpaka lero kuti mkazi uja anatumiza mlongo wake kundende ali ndi pogwira.

Munthu yekhayo amene akanatha kutulutsa ndalama zotere tsiku limodzi anali mkulu wina wa mpingo wathu, wa tsidya lina la dambo. Anali ndi pulawo, ngolo, khola lodzaza, ndi ana aamuna ojintcha ngati nsichi za nyumba. Mawu ake anali ozizira nthawi zonse, ndipo sindinamuonepo akuthamanga. Anabwera pa mtengo paja, nayang'ana msana wa achimwene, napukusa mutu mwachisoni.

"Ine ndine mkhristu," anatero. "Sindingakongoze ndalama kuti zibale zinzake. Mungondipatsa dimba lija likhale chikole. Ndizilimamo, ndipo tsiku limene mudzabweze ndalama yanga, dimba ndi lanu. Osawonjezerapo ngakhale tiki."

Kwathu dimba limayenda mwa akazi, koma wolankhulira mbumba ndi mlongo wamwamuna. Choncho munthu woyenera kuvomera kapena kukana anali yemwe uja wa chingwe m'chiuno, amene sanagwirepo khasu m'dimbamo. Anavomera mkuluyo asanamalize n'kulankhula komwe. Amuna anga anakhosomola pang'ono.

"Alamu, tisanagwirane chanza, bwanji tiyambe tamvana bwino..."

"Inu alamu," achimwene anawadula, magazi ali chuchuchu kumsana, "kodi munabwera ndi dimba pamudzi pano? Munabwera ndi mphasa ndi khasu. Khalani chete."

Amuna anga anayang'ana pansi. Ine, amene pakamwa panga sipankatsekeka ngakhale m'tchalitchi, tsiku lokhalo limene pankafunika ndinali nditatupa moti mawu sankatuluka. Anagwirana chanza pamaso pa mboni, ndalama inaperekedwa, chingwe chinamasulidwa. Mabala atangouma, achimwene anati akubwerera ku Walale kukasaka ndalamazo. Ananyamula nsapato zawo ndi nkhuku yanga yootcha ngati kamba wapanjira, ndipo sitinawaonenso. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kwathu zinatembenuka: anadya wamkulu, kupota ine wamng'ono.

Apa ndifotokoze za mwambo, poti ana a masiku ano sangazimve. Dimba likakhala pa chikole, wolisungayo amadzalamo zinthu zofa ndi nyengo: ndiwo, chimanga, maungu. Akakolola, nthaka imatsala monga anaipezera. Zimenezi palibe ankazitchula, chifukwa zili ngati kuuza munthu wamkulu kuti asambe m'manja asanadye. Koma panalinso mwambo wina, wakale chimodzimodzi, wakuti mtengo wa zipatso ndi wa amene anaudzala, ngakhale uli m'munda wa eni. Mwini munda saudula, ndipo wodzalayo ndi ana ake amabwera kudzathyola pamene afunira. Miyambo iwiriyi inkakhala payokhapayokha osapondana. Anaikumanitsa ndi mkulu wa mpingo uja.

Amuna anga anapita kukagwira ntchito ku mafamu a fodya a ku Chipata. Ine ndinatsala ndi ana ndi munda wa kumtunda. Ndinalima nsawa, n'kumaziswa mpaka zala zinang'ambika, n'kumazisenza kukagulitsa. Njira ya kuchitsime inkadutsa m'mbali mwa dimba lija, choncho tsiku ndi tsiku ndinkaliona. Chaka choyamba munali kabichi ndi anyezi, ndipo ngakhale mtima unkawawa, ndinkati ndi mmene tinapanganira. Mvula yachiwiri itagwa ndinaona maenje atandandalika m'mbali mwa ngalande zonse, ndipo m'maenjemo munali mphukira za nthochi. Pakati pa dimba panali timitengo ta mango, kalikonse katazingidwa ndi minga kuopa mbuzi.

Ndinatula chidebe n'kulowa, mwana ali kumsana. Ndinapeza mwana wamkulu wa mkuluyo akuthirira.

"Iwe, izi n'chiyani?"

"Simukuziona? Ndi nthochi."

"Nthochi m'dimba la chikole? Atate ako akuganiza kuti tafa?"

"Mukafunse iwowo. Pano muchoke, mukuponda mbewu."

Ndinazula mphukira imodzi n'kumuponyera kumaso. Iye anandikankha pachifuwa ndi manja onse awiri, ndipo ndinagwera m'ngalande chammbali. Mwana kumsana anamira m'matope mpaka kukamwa. Nditamutulutsa akutsamwa, ndinatola chibuma n'kugenda mnyamatayo pamphumi, koma chinali chonyowa, chinangophwanyika. Anaseka. Ndinawoloka dambo ndi matope angawo kukafika kwa atate ake, amene ndinawapeza akukonza goli pabwalo.

"Mayi, musatekeseke," anatero ndi mawu ozizira aja. "Nthochi zimagwira nthaka kuti madzi asaikokolole. Ndikukusamalirani munda wanu."

Ndinatumiza uthenga ku Chipata. Amuna anga anayankha kuti zimenezo n'zomwe ankafuna kunena pa mtengo paja, ndipo chotsala n'kufulumira kubweza mizu isanalowe. Tinafulumira mmene tikanathera. Ndinagulitsa mbuzi, ndinagulitsa mphika wachitsulo wa amayi, ana anayenda ndi zigamba. Koma nthochi imakula msanga kuposa ndalama ya munthu wosauka. Pamene tinkakwanitsa, nthochi zinali zitapanga nkhalango, mikoko ili lendelende, ndipo mango anali atapitirira mutu wa munthu.

Amuna anga atabwerako ku Chipata, tinapita ndi mboni zomwe zija. Mkuluyo analandira ndalama yake, nayamika Mulungu chifukwa cha anthu okhulupirika, ndipo pomaliza anati, "Nthaka ndi yanu, tengani lero lomwe. Mitengo yokha ndi yanga."

Nkhani inapita pabwalo. Akuluakulu anakanda mitu tsiku lonse, ndipo anagamula kuti tonse tikulondola: nthaka ndi yanga, mitengo ndi yake, ndipo palibe wodula mtengo wa zipatso wa mnzake. Wina anati ndizidzala m'mipata yotsalayo. Mipata yake inali yoti n'kuyalapo mphasa imodzi, pamthunzi pokhapokha. Ndinawafunsa ngati akufuna ndidzalemo bowa. Anandilipiritsa nkhuku chifukwa cha chipongwe.

M'mawa mwake, dzuwa litatuluka bwino, ndinatenga chikwanje ndi nkhwangwa. Sindinapite mozemba ayi, ndinadutsa pakati pa mudzi anthu akuona. Thunthu la nthochi n'lofewa, chikwanje chimalowa ngati m'dzungu, ndipo madzi ake amakuthovukira kumaso. Ndinayambira kumtunda kwa ngalande kutsika nayo. Mikoko inkagwa ndi mdidi, masamba n'kumang'ambika pamwamba panga. Ndinena zoona: chibadwire sindinamvepo kukoma ngati kumeneko. Nthochi zitatha mbali imodzi ndinatenga nkhwangwa n'kuyamba mango. Ndinali nditagwetsa angapo pamene ndinamva mfuu kutsidya.

Ana a mkuluyo anabwera onse akuthamanga, atanyamula mipini ndi zikeyi, timitengo tolimba tija tolowetsa m'goli la ng'ombe. Wamkulu uja anandigwira tsitsi pamodzi ndi duku n'kundigwetsa chafufumimba. Anandiponda pakhosi, wina n'kumandimenya mateche m'nthiti. Ndinamva china chake chikuthyoka m'kati, mpweya n'kukana kulowa. Nkhope yanga inali m'dothi, choncho sindinaone pamene amuna anga anatulukira. Ndinangomva phazi lija likuchoka pakhosi panga.

Nditadzutsa mutu ndinaona munthu amene sindinkamudziwa. Anali amuna anga, khasu lili m'manja, mano ali pamtunda. Anali atamutema mnyamatayo kumaso, kuyambira pachikope kutsika mpaka patsaya. Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo atagwira nkhope, nagwera m'ngalande, madzi n'kufiira. Amuna anga anatukulanso khasu, koma abale ake aja anawagwera onse nthawi imodzi. Awiri anawapanikiza pansi, wina anakoka mkono wawo wamanja n'kuugoneka pa chitsa cha mango amene ndinali nditangodula. Anaumenya ndi chikeyi. Koyamba amuna anga anabuula. Kachiwiri fupa linalira ngati phesi louma. Sanasiye, anapitiriza mpaka ku zala.

Ndinakwawa n'kutola chikwanje. Ndinamutema womenyayo pakatumba ka mwendo, ndipo ndikanakhala ndi mpweya bwenzi nditamudula mwendo wonse. Apo n'kuti midzi yonse iwiri itakhuthukira m'dimbamo, akazi akulira, amuna akukokera anthu uku ndi uku. Wina anandilanda chikwanje n'kundikhalira pamsana. Mkulu wa mpingo anafika pomalizira, akuyenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Ataona nkhope ya mwana wake anakhala pansi m'matope.

Ngolo inalipo imodzi yokha m'dera lonselo, ya iye yemweyo. Choncho amuna anga ndi mnyamata amene anamutemayo anawagoneka pamodzi pa udzu, phewa ndi phewa, ulendo wa ku chipatala cha mishoni ku Katete. Ngolo ikagunda mwala onse awiri ankakuwa limodzi. Ine ndinkayenda pambuyo nditagwira nthiti, mayi wa mnyamatayo ali pambali panga. Tinatukwanana njira yonse, Chichewa chikatha n'kulowa Chinsenga, mpaka mawu anatithera tonse.

Mnyamatayo anachira, koma diso linapita. Wa mwendo uja anatsala akutsimphina pang'ono. Mkono wa amuna anga unalumikizana mokhota, ndipo zala sizinapindikenso. Munthu amene analibe mnzake pa khasu ankalephera ngakhale kumanga mfundo ya chingwe.

Tsono mkuluyo anatumiza mawu. Anati iye monga mkhristu sakufuna kutengera nkhaniyi kwa apolisi, chifukwa kutema munthu ndi khasu kumaso ndi mlandu wa zaka zambiri kundende. Anati tiimalize pamudzi. Tinakhalanso pabwalo lomwe lija. Anaika diso, mwendo ndi mitengo mbali imodzi, mkono ndi nthiti zanga mbali inayo, ndipo mbali yathu inapepuka. Anati tipereke dipo. Mbuzi tinalibe, mphika tinalibe, nkhuku yomaliza anali atadya akuluakulu omwewo. Aliyense pabwalopo ankadziwa chinthu chokhacho chimene tinali nacho, koma palibe ankafuna kuchitchula.

Ulendo uno panalibe achimwene oti alankhule m'malo mwanga, ndipo pakamwa panga panali bwinobwino. Maso onse anali pa ine. Amuna anga anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Amake mwana, musapereke. Ine ndi mkono uwu ndilibenso ntchito pamudzi pano. Ndipite kundendeko, inu mutsale ndi nthaka ya ana." Ndinawayang'ana. Anali ataonda, mkono uli pachifuwa m'kansalu. Ndinaganiza za amayi, ndi amayi awo, ndi ana anga aakazi amene anayenera kudzalandira dimbalo. Kenaka ndinaimirira, ngakhale mkazi sankaimirira pabwalo.

"Tengani," ndinatero. "Nthaka, madzi, ndi zitsa zanu zomwe. Tengani."

Musaganize kuti ndikulapa. Anthu ambiri andiuzapo kuti ndikanaugwira mtima bwenzi nthaka ili yanga mpaka lero. Yanga motani, ya pansi pa mthunzi wa eni? Atandibwezera tsiku lija, chikwanje ndingachitolenso. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthochi siifa ndi chikwanje. Mvula itangogwa, pachitsa chilichonse panaphuka ana, pamene panali imodzi n'kukhala zitatu. Ndinasintha njira ya kuchitsime, ndinkazungulira kutali kuti ndisazione, koma masamba ake ankaonekera ngakhale uli pakhomo panga.

Chaka chotsatira chinali choipa kwa ife. Munda wa kumtunda ndinalima ndekha, mvula inadula msanga, ndipo dimba lotipulumutsa panalibe. Pofika mwezi wa Januwale tinkadya kamodzi patsiku, phala la gaga, nthawi zina masamba okhaokha. Ana anasiya kusewera, ankangokhala pakhonde atatsamira khoma.

Tsiku lina la Sabata, anthu akuchokera kutchalitchi, ndinaona gulu la amayi a mpingo likulowa pabwalo panga likuimba. Kutsogolo kunali mkazi wa mkulu uja, amene tinatukwanana naye kumbuyo kwa ngolo. Pamutu anasenza mkoko waukulu wa nthochi, zakupsa bwino, zachikasu.

"Odi kuno! Tabwera kudzaona odwala," anatero. "Abambo akuti zakale zithe, ndife ana a Mulungu mmodzi. Akuti mulaweko za m'dimba mwathu."

M'dimba mwathu. Ndinayang'ana kumene kunali munsi, ndinayang'ana ku khola la nkhumba za aneba, ndipo ndinadziwa bwinobwino kumene mkokowo ukagwere. Koma ana anali ataimirira kale. Sanapemphe, sanalire, ankangoyang'ana pamutu pa mayiyo, wamng'ono malovu akutsika. Amuna anga anali pamphasa, mkono wopuwala uja uli pachifuwa.

Ndinagwada. Ndinatambasula manja onse awiri n'kulandira mkokowo monga alandirira mphatso ya munthu wamkulu, ndinautsitsa pansi, ndinaomba m'manja. Ndinati zikomo, mukawathokoze abambo. Amayi aja analulutira, napemphera, napita.

Ana anadya mpaka kumakanda makoko ndi mano. Ine ndinakhala kuseri kwa nyumba nditafulatira. Patapita kanthawi mwana wamng'ono uja, amene anamira m'matope ali kumsana kwanga, anabwera ndi nthochi imodzi yosenda kale n'kundiikira pamlomo. Ndinali ndi njala, ndipo ndinadya.